Wadya mega athu ndani?

Sabata yathayi ndinayamba chiganizo pamaso pa akulu, ndipo sindinachimalize. Theka limene linamvekalo linatsala pang'ono kumulepheretsa mnzanga mayeso. Ndiye inu owerenga nyuzi yathu ya pakhomayi mundipirire, lero sindilemba za mbalame za pa denga la tuluma, kalasi yathu ija, kapena za anankafumbwe a mu nyemba za ku lari kumene timagona. Ndakwiya. Mukudziwa kale kuti mkwiyo wanga sutuluka pakamwa, n'chifukwa chake ndautengera pa pepala.

Ndiyambe ndi inu amene simunalowepo mu sala ya informatika. Muli makomputadoro mizere iwiri, onse ofunditsidwa makapulana, zitenje zija, ngati odwala malungo. Pakona pali imodzi yakale, yosafunda, yolira ngati njuchi. Imeneyo a Domingos, aphunzitsi athu a informatika, amaitcha servidoro. Intaneti ya shikola yonse imadutsa mmenemo, monga madzi a ku dimba amayamba adzera ngalande imodzi asanagawikire m'mizere ya mbatata.

A Domingos anandiphunzitsa kuyang'ana ngalande imeneyo. Sikuti ndine wanzeru kuposa anzanga, iyayi. Kungoti pa intervalo, nthawi yopuma ija, ndimakonda kubisala mmenemo, chifukwa makina safunsa munthu kuti bwanji wangokhala chete.

Galasi la servidoro ndi lakuda bii, lopanda zithunzi. Umalembapo mawu awiri, sudo iftop, n'kuika senya, mawu achinsinsi aja, kenako pamatuluka mizere. Mzere uliwonse ndi makina awiri amene akuyankhulana: mbali imodzi nambala ya makina a muno, mbali inayo kumene akutunga. Pakati pali timivi tiwiri, kena ka zopita, kena ka zobwera. Pa mzere uliwonse pamayenda kandodo koyera. Makina amene akumwa kwambiri kandodo kawo kamatalika, ndipo mzere wawo umakwera pamwamba pa inzake. Pansi penipeni pamalembedwa zonse zolowa ndi zotuluka pamodzi.

Basi. Palibe dzina la munthu. Palibe uthenga wa munthu.

Ndikunena zimenezi chifukwa cha inu amene mumandikoka malaya pa mzere wa phala n'kumandinong'oneza kuti, "Mana, m'bale wanga, tandionereko ngati uja amalembera ine ndekha." Sindiona! Iftop imangoona kuti mtsuko wadutsa, waukulu kapena waung'ono. Sivundukula kuti ione zili m'kati. Ndipo ngakhale ikanamavundukula, ine sindikanasuzumira.

Tsopano nkhani ija.

Inali sabata yomaliza yoti ife a kalasi ya 12 tilembetse mayeso olowera maphunziro apamwamba. Kulembetsako n'kwa pa intaneti pokha, ndipo Lachisanu khomo limatsekedwa. Wosalembetsa amadikira chaka chamawa, akulima. A Domingos anali ku seminariyo ku Tete. Lolemba a Pedagojiku, achiwiri kwa mkulu wa shikola, anatsekulitsa sala, anavundukulitsa makapulana onse, makomputadoro n'kuyatsidwa onse pamodzi, koyamba chichokere Pasaka. Analembanso senya ya rede, intaneti ya shikola ija, pa bolodi kuti amene ali ndi mafoni alembetse okha, mzere uchepe.

Rede inafa.

Sinafe yonse, n'zomwe zimapweteka. Inkangokwawa. Kagudumu kaja kankazungulira pa galasi lililonse, tsamba n'kutseguka theka, chithunzi cha munthu n'kufika pachipumi, n'kuima. Panja mzere unafika ku mtengo wa mapeyala. Dzuwa lake lija la mvula isanagwe, lokhala ngati lakwiyira wina.

Benedito, shefi, kapena kuti mtsogoleri, wa tuluma yathu, ndiye anayamba. Anaimirira pakati pa sala, manja m'chiuno.

"Anthuni, izi sizongochitika. Pali wina akudya mega athu."

Palibe anafunsa kuti mega, data ya intaneti ija, amadyedwa bwanji. Maso onse anayamba kuyendayenda kufuna pogwera, ndipo anagwera pa Tereza.

Tereza ndi mnzanga, bedi lake ndi langa n'zoyandikana. Kwawo ndi ku Kalomwe, pa malire. Foni yake ili ndi makhadi awiri, la kuno ndi la ku Malawi, chifukwa azakhali ake amene amamugulira yunifomu amakhala ku Dedza. Amafuna unamwino. Amaufuna moti akaona bala la munthu amayamba kumwetulira asanakumbuke kuti mwini wake akumva ululu.

"Foni ya makhadi awiri imadya kawiri," anatero Benedito.

"Imatunga kuno n'kukathira ku Dedza!" wina anakuwa kumbuyo.

Anthu anaseka. Tereza nayenso anaseka, poti ankayesa nthabwala.

Phokoso linawaitana a Pedagojiku. Anamva mbali ya Benedito, anayang'ana servidoro ija ngati akuyang'ana galu wa eni ake, n'kufunsa kuti, "Ndani amadziwa kuombeza pa chinthu ichi?"

Anandikankhira kutsogolo. Ndinalemba sudo iftop, ndinalakwitsa senya, ndinabwereza. Mizere inatuluka. Pamwamba panali tindodo titalititali todzaza galasi lonse, ndipo manambala ake ndinawadziwa nthawi yomweyo, chifukwa a Domingos anamata nambala pa komputadoro iliyonse. Anali makomputadoro a mu sala momwemo. Mafoni a anthu anali pansi, tindodo tawo ngati njere za mpunga.

"Menina, mtsikana iwe," anatero a Pedagojiku kwa Tereza, "bweretsa foniyo." Anandiuza kuti ndipezemo nambala yake ya pa rede. Ndinaipeza. "Tsopano yang'ana apo. Ikuoneka?"

Inkaoneka. Inali pansi, pafupi ndi ya Benedito yemwe.

"Ikuoneka, koma…"

"Basi. Ikuoneka."

Anaizimitsa foni ija n'kuiika m'thumba la jekete. Anati Tereza asapondenso mu sala mpaka aphunzitsi a informatika atabwera, ndiye tidzaone. Anatuluka. Ine ndinatsala pa galasi paja, chiganizo changa chisanathe.

Mwaona mmene zinakhalira? Wopanda foni, woletsedwa mu sala, Lachisanu likubwera. Ku tauni ya Ulongwe kuli malo olembetsera, inde, koma wa ku lari satuluka pa geti pakati pa sabata popanda chilolezo, ndipo chilolezocho amasaina ndi a Pedagojiku omwewo.

M'mawa mwake foni ya Tereza inali mu dirowa ya ku ofesi, yozimitsidwa, yokhomeredwa. Rede inakwawabe chimodzimodzi. Ine ndinati, chabwino, tsopano aliyense aona yekha. Ndinali wopusa bwanji!

"Anasiya atailamula," anatero Benedito. "Mafoni a ku malire amagwira ntchito ali chigonere."

Ndinalimba mtima ndinamukoka dzanja mpaka pa galasi lakuda lija. Ndinamuonetsa tindodo tatitali ndi manambala ake. Ndinamutengera pa komputadoro ina, ndinamutsegulira pamene inalemba yokha m'Chipwitikizi kuti ikukoka atuwalizasau, zokonzanso mapulogalamu ake zimene opanga amatumiza nthawi ndi nthawi. Miyezi yonse imene makinawa anagona pansi pa makapulana, zimenezi zinkangounjikana kudikira. Atayatsidwa, onse anathamangira ku ngalande nthawi imodzi ngati ng'ombe zimene zaswera m'khola.

Benedito anamvetsera bwinobwino, ndimuyamikire pamenepo. Kenako anapukusa mutu mondimvera chisoni.

"Iwe ndiwe mwana. Ng'ombe zikalowa m'munda, pali amene watsekula khola. Makina angadye okha osatumidwa?"

Apa ndi pamene ndikufuna tikambirane, inu ndi ine.

N'chifukwa chiyani kwathu kuno chinthu chikavuta timathamangira kufunsa kuti ndani, tisanafunse kuti n'chiyani? Mbatata ikapsa masamba ku dimba, ndani wadutsamo. Mwana akatentha thupi, ndani anamuyang'ana. Mpopi ukauma, ndani anatunga usiku. Ndimayesa zimenezi zimathera kumudzi. Sindinkadziwa kuti tikhoza kuzinyamula mpaka mu sala ya informatika, titavala yunifomu, tili ndi mabuku a fizika m'chikwama.

Funso lakuti n'chiyani ndi lotopetsa, ndikuvomereza. Limafuna ukhale pansi, uwerenge manambala, udikire, mwina upeze kuti yankho ndi lozizira, lopanda nkhope. Ungakwiyire bwanji atuwalizasau? Sungawatchule dzina lachipongwe. Sungawalande foni. Pamene funso lakuti ndani limayankhidwa msanga, ndipo ukangoyankha mtima umakhala pansi, ngakhale rede ikukwawabe.

Ndipo mwaonapo kumene chala chimakonda kugwera? Sichigwera pa amene amalume ake amakhala kuseri kwa mpanda wa shikola. Chimasankha wakutali, wopanda womuyankhulira, amene ali ndi kanthu kena kosiyana ndi ife, kaya ndi katchulidwe, kaya ndi khadi lachiwiri mu foni. Tereza amati sukulu pamene ife timati shikola, ndiye basi ndi "wa ku Malawi". Koma tafunsani kwanu. Ndi angati mwa ife amene makolo athu sanawoloke malire omwewo nthawi ya nkhondo, katundu pamutu? Mayi anga anaphunzira kuwerenga pansi pa mtengo tsidya lomwelo. Agogo ake a Benedito anaikidwa komweko, amanena yekha. Tinabwerako tonse, kungoti ena tinafika patali pang'ono ndi msewu wa malire, ndiye tayamba kuloza amene anatsala pafupi.

Palinso nkhani ya makapulana aja. Ife chinthu chabwino timachisunga pochibisa. Mbale zadothi n'za alendo, nsapato zatsopano n'za Khirisimasi mpaka phazi litakula. Makomputadoro nawo timawafunditsa kuti asathe, n'kumawayatsa pakabwera alendo a ku distritu kapena pakagwa mayeso. Koma komputadoro si mbale. Ikagona nthawi yaitali imadzuka ndi ludzu. Ikanamayatsidwa sabata iliyonse bwenzi ikumwa pang'onopang'ono, osaphwetsa ngalande pa tsiku limene tonse tikufuna madzi. Ngati Benedito akufunadi wotsekula khola, ameneyo ndi ife tonse amene tinalitseka.

Koma izi ndikuzilemba lero, cholembera chili m'manja, palibe akundiyang'ana. Tsiku lija sindinathe. Ndinapita ku ofesi ya a Pedagojiku kawiri. Ulendo woyamba ndinati odi, mawu anga sanafike ngakhale pa chitseko. Wachiwiri anandimva, anati, "Ndili ndi alendo, menina, nkhani ija tinamaliza." Ndinagwada pang'ono n'kubwerera.

Tereza ndinamupeza kuseri kwa khitchini, atakhala pa njerwa, akusenda chinangwa chimene sanali kudya.

"Mana," ndinatero, "si iwe. Ndaona ndi maso anga. Ndi makina okha."

"Ndikudziwa kuti si ine."

"Ndinafuna kunena."

"Unati ikuoneka."

"Ndinati ikuoneka, koma."

Anandiyang'ana, osati mwaukali, zikanakhala bwino akanakalipa. "Koma wakoyo anamumva ndani?"

Ndinakhala naye pa njerwa ija mpaka belu. Madzulo ndinamuchapira yunifomu osandipempha, iye anandilola, ndipo ndi mmene tinagwirizanirana. Ndinamuuza kuti andipatse mapepala ake ndimulembetsere ine, koma tsamba lolembetsera limatumiza nambala yotsimikizira ku foni ya mwini wake, ndipo foniyo inali mu dirowa.

Kunja dzina linali litamera kale. Chidyamega. Ana a kalasi ya 8, amene sadziwa n'komwe kuti servidoro ili mbali iti, ankamuimbira akamadutsa. Paja amati kandimverere anakanena za m'maluwa. Pofika Lachitatu nkhani inali yoti Tereza amagulitsa mega a shikola kwa osintha ndalama a pa malire, ndipo munthu wina anachita kulumbira kuti anamuona.

A Domingos anatsika shapa, minibasi ija, Lachinayi masana, fumbi mpaka m'nsidze. Sanafike n'kunyumba komwe, anangolowa mu sala chikwama chili paphewa, anaona mzere, anaona nkhope zathu.

"Kwagwanji kuno? Maliro?"

Onse anayankha nthawi imodzi. Iwo anakweza dzanja, anabwera pakona, anandiuza kuti nditsegule iftop. Anayang'ana kanthawi kochepa n'kuimba likhweru.

"Mwawayatsa onse? Tsiku limodzi? Amayi ine!"

Anayenda kuseri kwa mizere ija akuzula zingwe za rede, n'kusiya makomputadoro ochepa amene anali atatsala pang'ono kukhuta. Ine maso anali pa galasi. Tindodo tatitali tija tinayamba kufota, kamodzikamodzi, mizere yake n'kutsika mpaka kuzimiririka. Nambala ya pansi ija inagwa. Kumbuyo kwanga mtsikana wina anakuwa kuti, "Latseguka! Tsamba latseguka!" Anthu anaomba m'manja ngati chigoli. A Domingos anati otsalawo tiziwayatsa awiriawiri tikaweruka, amwe mosinthana.

Kenako anafunsa za Tereza, ndipo nthawi iyi ndinanena zonse, chifukwa a Domingos amadikira munthu amalize. Anapita ku ofesi. Anakhalitsako. Zimene anakambirana sindikuzidziwa, ndipo sindilemba zimene sindinamve.

Zimene ndinamva ndi izi. Tereza anaitanidwa, ine ndinamuperekeza mpaka pakhomo, chitseko chinali chotsekula. A Pedagojiku anatsekula dirowa, anatulutsa foni, anaipukuta ndi mpango, ndipo ndi mawu ofatsa, aubambo ndithu, anati:

"Menina, takukhululukira. Tenga foni yako ukalembetse. Usadzabwerezenso."

Tereza anapinda maondo, analandira ndi manja awiri.

"Zikomo, senyoro."

Anthuni. Zikomo!

Ndikudziwa, musandiuze, wamkulu salakwa. Ndinakulira momwemo, ndipo sindikufuna kuti wina aliyense agwadire mwana. A Pedagojiku si munthu woipa. Ndi omwewo amene anandipezera bulangete m'mwezi wa Juni langa litabedwa. Anali ndi mzere wa ana pa dzuwa, aphunzitsi palibe, Lachisanu likuyandikira, ndipo wina anawapatsa yankho lofulumira. Ndikumvetsa. Koma kodi chilankhulo chathu chonsechi, cholemera chonchi, chilibe mawu ena oti wamkulu n'kunena kwa mwana wosalakwa, kupatula kumukhululukira? Akanati "zinali za makina" bwenzi atachepa? Akanangoti "nayi foni yako" osawonjezera kanthu, ine bwenzi lero ndikulemba za mbalame.

Chifukwa taonani chimene kukhululukako kwachita. Rede inachira tsiku lomwelo limene Tereza anakhululukidwa. Amene anali mu sala anaona zingwe zikuzulidwa, koma ambiri anali panja pa mzere. Iwo anangoona mtsikana akutuluka mu ofesi ndi foni m'manja, maso pansi, ndipo masamba akutseguka. Benedito, amene anaona zonse ndi maso ake awiri, anaima pakhonde n'kulengeza kuti, "Mwaona? Wavomera, wamasula."

Tereza analembetsa Lachisanu m'mawa, womaliza mu tuluma yathu. Ndinakhala pambali pake. Nambala yotsimikizira itafika pa foni, ine ndinamuwerengera, iye akulemba. Tsamba litavomera sanasekerere. Anangotseka, anafunditsa komputadoro ija kapulana mwachizolowezi, tinatuluka.

Alemba mayeso ake, zimenezo zatheka, ndipo ndikuthokoza. Koma dzina lija likadalipo. Dzulo ku tchalitchi mnyamata wina anabisa foni yake m'thumba Tereza atakhala pafupi, anzake n'kumaseka. Inu amene mukuseka, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Rede idzakwawanso, magetsi adzathimanso, ndipo maso adzayendanso kufuna pogwera.

Pochokera ku tchalitchiko tinadzera njira ya m'minda, anthu akugalauza mizere kudikira mvula. Tili pafupi ndi geti Tereza anaima, anatulutsa foni ija, anaitembenuza uku ndi uku ngati akuiona koyamba.

"Mana, iwe umawerenga zinthu zija. Tandiuza. Anati ndisadzabwerezenso. Ndisadzabwereze chiyani kodi?"

Funsolo ndalibweretsa kwa inu. Inu amene munaloza chala, inu amene munaimba nyimbo, inu amene munalumbira kuti munamuona, Tereza akudikira. Asadzabwereze chiyani?